Mkango wa Bambo Pakhoma la Tchalitchi

Bambo anga analowa kalasi ya ubatizo mutu uli mbuu ndi imvi. Lachitatu lililonse masana ankatsuka mapazi, kuvala jekete lawo la maliro ndi maukwati lomwe, n'kupita kukakhala pa benchi limodzi ndi ana a sitandade 7, kumayankha mafunso mokuwa ngati anzawowo. Kuwerenga sankatha, choncho zonse ankaloweza ndi khutu. Akaphonya, anawo ankawaseka, iwo n'kumaseka nawo. Anachita zimenezi zaka ziwiri osajomba.

Chimene chinawatengera kumeneko ndi maliro a mayi. Mayi anali a mpingo kuyambira pa utsikana, ndipo tsiku lowaika amayi anzawo anabwera atavala zoyera, n'kuimba kuchokera pasiwa mpaka kumanda osapuma. Pobwerera bambo anandiuza mwachidule kuti, "Inenso mudzandiperekeze chonchi." Koma mu mpingo wathu nyimbo zimenezo saimbira munthu wosabatizidwa, ngakhale akhale wabwino chotani. Ndiye chimene bambo ankafuna chinali chimodzi basi: madzi pamutu asanatsikire kuli chete.

Vuto linali mbiri yawo. Pano ndiyenera kuponda mosamala, chifukwa kwathu aliyense amadziwa kuti zilombo za gule wamkulu zimachokera kumanda ndipo palibe munthu amazisema. Ndiye ndingoti bambo anali munthu wodziwa mitengo yofewa, anali ndi kasemasema wakuthwa, ndipo gule akamayandikira ankasowa pakhomo masiku angapo, n'kubwerako zikhadabo zili penti yekhayekha. Kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, chilombo chikatuluka pabwalo ndi nkhope yothawitsa ndi agalu omwe, anthu ankayang'ana bambo mwaulemu osanena kanthu. Polowa kalasi anakapereka kasemasemayo kwa akulu ampingo, ndipo akuluwo anamukiyira m'kabati ngati mfuti.

Ine dzanja ndinatengera iwowo, koma ndinapita nalo kumsika. Ndimalemba zikwangwani pa Mitundu: magolosale, zigayo, malo ometera, nkhuku ya pakhoma la malo odyera yooneka yosangalala kuti idyedwa. Ntchitoyi sindinkainyoza, komabe mumtima ndinkadziona ngati munthu amene dziko likuchedwa kumuzindikira. Matenda amenewa ndi amene anabala zonse ndikufuna kunenazi.

Chaka chachiwiri cha kalasi ya bambo anandiitana pasukulu ina kufupi ndi Nathenje kuti ndikajambule mapu ndi mafupa a munthu pakhoma. Mu ofesi ya ahedi munali mabuku ochokera kunja, aja amabwera ngati mphatso koma otumizawo osadziwa kuti akupita kwa yani. Limodzi, lolemera ngati njerwa ziwiri, ankatsekerezera chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Nditalitsegula ndinaiwala za mafupa aja. Ahedi anati nditenge, bola ndiwapezere mwala wolowa m'malo mwake.

Linali buku la zithunzi zachikhristu za ku Ulaya, za zaka zoposa chikwi chimodzi zapitazo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti azungu amajambula Ambuye monga tiwaonera pa kalendala: tsitsi losalala lofika m'mapewa, khungu losapsapo ndi dzuwa, maso ofatsa oyang'ana kumbali ngati akumvetsera wailesi ya kwa aneba. M'bukumo munalibe zimenezo. Nkhope zinali zaphwatalala, zopanda mthunzi, maso aakulu otong'oka, oyang'ana iweyo basi. Mapazi ankangolendewera osaponda pansi. M'mphepete mwa masamba munali njoka, agalu ndi mbalame zazitali makosi, zolukanalukana, iyi ikuluma mchira wa iyo, mpaka osadziwa kuti yayambira pati. Alembi anayi a Uthenga Wabwino aliyense anali ndi chizindikiro chake: munthu, mkango, ng'ombe ndi chiwombankhanga. Pa tsamba lina anachita kuwajambula ndi thupi la munthu lovala mkanjo, koma mutu wa nyama.

Ndi Chingerezi changa cha fomu 2 ndinalimbana nalo milungu ingapo. Ndinamva kuti ojambulawo anali amuna odzipatula m'nyumba za mapemphero, ena pa zilumba zozizira, ndipo ankalemba pa zikopa za ana a ng'ombe, utoto n'kumapanga kuchokera ku miyala, dothi ndi zomera. Anthu ambiri nthawi imeneyo kuwerenga sankatha, ndiye chithunzi ndicho chinkalalikira. Ndinamvanso china chimene chinandisowetsa mtendere. Mitundu ina ya anthuwa inali itangosiya kumene milungu ya makolo awo, ndipo zinyama zolukanazo ndi zimene amisiri awo ankakongoletsera malupanga ndi malamba asanamve za Ambuye. Atatembenuka sanataye luso lawo. Analowa nalo m'tchalitchi momwe, ndipo sindinawerenge paliponse kuti wina anawakiyira zida m'kabati. Ndinaganiza za bambo, n'kupsa mtima m'malo mwawo, ngakhale iwo sanandipemphe.

Chenjezo linabwera, koma sindinalimve. Mnyamata wina wometa pamsika anandipatsa ntchito yojambula mitu itatu pakhoma pake, ndipo ine, buku lili m'mutu, ndinaipatsa maso aakulu aja n'kuizunguliza ndi njoka zolukana. Atabwera anaima kaye, kenako anati, "Bwana, anthuwa ndawameta kapena ndawaopseza?" Ndinafufuta, ndikudandaula mumtima kuti anthu a pamsika luso salidziwa. Ndinatsimikiza kuti zithunzi zoterezi malo ake ndi m'tchalitchi, kumene kuli anthu ozama.

Nthawi yomweyo mpingo wa kumudzi kwathu unali kumaliza tchalitchi cha njerwa zowotcha, ndipo anagwirizana kuti tsiku lotsegulira ndi lomwe a kalasi adzabatizidwe, bambo ali m'gulumo. Abusa athu anali achinyamata, ophunzira bwino, ndipo ankabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Nathenje kamodzi pamwezi chifukwa anali ndi mipingo ingapo. Anandipempha kuti khoma la kuguwa lisakhale lopanda kanthu. Ndinawaonetsa tsamba lina: Ambuye atakhala pampando pakati, dzanja lili m'mwamba, zamoyo zinayi zija zitawazungulira. Abusa anasangalala, anati zimenezi anaziphunzira ku koleji ndipo zamoyozo zilimo m'Malemba. Anakwera njinga yawo n'kumapita. Tonse awiri, ndi maphunziro athuwo, sitinaganize zofunsa anthu amene adzakhale moyang'anizana ndi khomalo Lamulungu lililonse.

Ndinatchinga mawindo ndi masaka kuti anthu adzaone zitatha, n'kugwira milungu iwiri. Penti wa mtundu wa khungu ndinalibe, ndiye ndinasakaniza wofiira uja timapaka pansi m'nyumba ndi woyera pang'ono, nkhope ya Ambuye n'kutuluka yofiirira ngati njerwa. M'bukumo zinalinso choncho pena ndi pena, choncho ndinadzikhululukira. Alembi anayiwo ndinasankha aja a thupi la munthu ndi mutu wa nyama, chifukwa ndi amene anandigwira mtima. Munthu, ng'ombe ndi chiwombankhanga zinatheka. Mkango unandikanika. Sindinauonepo, ndipo wojambula wa m'buku uja mwachionekere nayenso sanauonepo, koma wake unali ndi ukali. Wanga unkaoneka ngati galu wa kwa aphunzitsi amene wakhuta.

Lachitatu lina bambo akuchokera ku kalasi, imene inkachitikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, anasuzumira pakhomo. Analowa, anaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja.

"Izi wazitenga kuti?"

"M'buku la azungu, Ababa. Akhristu akale kwawoko ankajambula chonchi."

"Azungu?" Anaseka pang'ono. "Ndiye analiko odziwa ntchito kumeneko."

Anayandikira mkango uja n'kupendeka mutu. "Koma uyu wagona. Chinthu sachiopsetsa ndi mano, mwanawe. Mano ili nawo ndi mbuzi yomwe. Ndi apa." Analoza pakati pa maso ndi mphuno.

Ndinawapatsa burashi. Ndinene zoona: sanaipemphe, ndine ndinawapatsa, ndipo ndinkafunitsitsa kuti ailandire. Anapukuta manja m'jekete, anakwera makwerero pang'ono, ndipo sizinatenge ngakhale nthawi yowiritsa tiyi. Anatsitsa zikope, anakoka mizere itatu pamphumi, anafutukula mphuno. Mkango unadzuka. Ine amene ndinasakaniza pentiyo ndinabwerera m'mbuyo. Bambo anatsika akupuma mwamphamvu, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wakumana ndi mnzake wakalekale pamsika. Chimwalirire mayi sindinawaonepo choncho. Ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinadziona kuti ndine mwana wanzeru. Pakhomo panadutsa mayi wina amene amasesa pabwalo la tchalitchi, koma sitinamulabadire.

Loweruka ndinachotsa masaka aja, akulu ampingo ndi amayi otsogolera n'kubwera kudzaona. Ndinavala shati yoyera, makutu ali tcheru kudikira kuti andiombere m'manja. Mayi woyamba kulowa anakuwa kuti "Mayo!" n'kutuluka chafutambuyo, nsalu ili pakamwa.

Amene anayamba kuyankhula anali mkulu wampingo wina, mnzawo wa bambo wapaubwana amene ankaweta naye ng'ombe, mlimi wa fodya wodziwika ndi chigafa chachitali kuposa onse m'mudzimo. Iyenso kale anadutsako kudambwe asanatembenuke, choncho ankadziwa chimene akuona.

"Amisiri," anatero, "tinakupemphani chithunzi cha Ambuye. Izi mwatibweretserazi bwalo lake lili kwina."

Ndi pamene ndinaona khomalo ndi maso awo. Nkhope yofiira, maso otong'oka osaphethira: ndendende chilombo chija chimatuluka pabwalo kutsanzira mzungu wopsa ndi dzuwa. Pambali pake ng'ombe ya nyanga itaima ndi miyendo iwiri, mbalame itavala mkanjo, mkango ukuchita ngati utsika. Ine ndinkati ndabweretsa Ulaya m'mudzi, iwo anaona dambwe lonse litasamukira kuguwa.

Mlandu unakambidwa sabata yotsatira abusa atabwera, pansi pa mango paja. Nkhani sinali ya khoma, poti khoma amathana nalo ndi laimu. Nkhani inali ya bambo. Mayi wosesa uja anati anawaona pamakwerero burashi ili m'manja, ndipo akulu anati ngati munthu wa kalasi wabwerera ku ntchito zake zakale, m'nyumba ya Mulungu momwe, ndiye kuti kutembenuka kwake n'kwa pakamwa chabe ndipo ubatizo uyambe waima.

Ine ndinabwera ndi mboni yanga yolemera ija. Ndinatsegula masamba, ndinafotokoza za zilumba zozizira, za zikopa za ana a ng'ombe, za amisiri a malupanga amene analowa m'tchalitchi ndi zinyama zawo. Ndinayankhula bwino tsiku limenelo, ngakhale ndinene ndekha. Buku linayenda dzanja ndi dzanja. Akulu ankanyowetsa chala ndi malovu, kutembenuza tsamba, kupukusa mutu. Mkulu wa chigafa uja analiyang'ana nthawi yaitali kuposa onse, kenako analitseka mwaulemu.

"Zikomo, amisiri, mwatitsegula m'maso. Sitinkadziwa kuti azungunso anali ndi dambwe. Koma taonani, iwowo anasiya. Umboni wake ndi uwu." Anatulutsa m'thumba kalendala yopindapinda ya kusitolo ya feteleza, Ambuye a tsitsi losalala ali pamwamba pa miyezi. "Uthenga utawalowa bwinobwino anayamba kujambula chonchi. Ndiye inu mukufuna kutibwezera kumene eni ake anathawako?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Abusa anayesa kunena za Malemba ndi zamoyo zinayi, koma akulu anawamvera mmene timamvera mlendo wolemekezeka amene basi yake yatsala pang'ono kunyamuka. Iwo ankabwera kamodzi pamwezi, anthuwo ankakhala pomwepo masiku onse.

Nditaona kuti buku landigwiritsa fuwa lamoto, ndinachita chimene chinatsala. Ndinanama. Ndinaimirira n'kunena kuti mayiyo sanaonetsetse, bambo anangondigwirira burashi ine ndikusuntha makwerero, khoma lonselo ndi dzanja langa, ndipo ngati pali wolangidwa ndilangidwe ine. Ndinaona akulu akumasuka. Kunena zoona panalibe amene ankafuna kumana nkhalamba madzi. Ankangosowa pothawira, ndipo ine ndinawatsegulira. Ngakhale mayi wosesayo anayamba kunena kuti mwina dzuwa linamuthobwa m'maso. Mkulu wa chigafa anatembenukira kwa bambo mawu atafewa, funso n'kulikonza mwakuti ndi mwana yemwe akanayankha bwino.

"Achimwene, ndiye kuti inu khomalo simunalikhudze, eti? Mungoti eya, tizipita."

Bambo anali atakhala pa njerwa, chipewa chili pabondo. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ine.

"Mkangowo ndi wanga," anatero. "Mwanayu sangauthe."

Wina kumbuyo anatsokomola.

"Kukalasi mwatiphunzitsa nokha kuti tisamachite umboni wabodza," anapitiriza. "Ndaloweza zaka ziwiri. Ndiye ndiyambe lero, pansi pa mtengo womwe uno?"

Mpaka lero sindidziwa amene anayankhula m'kamwa mwawo tsiku lija, Mkhristu kapena mmisiri. Ndimaganiza kuti ndi onse awiri, ndipo kuti mmisiri ndiye anayamba. Pa nthawiyo ndinangowakwiyira.

Akulu anagwira njakata. Munthu wavomera yekha pagulu, sakanachitira mwina. Anagamula kuti khoma lipakidwe laimu, ine ndikhale kunja kwa mgonero miyezi itatu chifukwa cha bodza, ndipo bambo abwereze kalasi chaka china kuti mpingo uone ngati asinthadi. Wonama analandira miyezi itatu, wonena zoona chaka chathunthu.

Laimu ndinapaka ndekha Lolemba m'mawa. Tsiku lotsegulira tchalitchi, pakhoma loyeralo anapachikapo kalendala ija, atadula miyezi ndi dzina la sitolo n'kuiika m'felemu yagalasi. Ana a kalasi anabatizidwa mmodzimmodzi, bambo ali pa benchi lakumbuyo akuimba nawo mokweza kuposa aliyense, ngakhale mawu awo sanali oimbira. Pobwerera kunyumba ndinalephera kudzigwira.

"Ababa, mukanangoti eya. Liwu limodzi lokha."

"Nawenso ukanangojambula maluwa," anatero. "Ine katundu uja ndinatula ndekha, palibe anandilanda. Iwe n'kukanditolera, n'kundisenzetsanso, ati kundilemekeza." Anayenda pang'ono, kenako anawonjezera kuti, "Chaka si kanthu. Mafunso ndikuwadziwa kale, ndizikathandiza anawo."

Manyazi anandigwira. Ndinkadziuza kuti ndikumenyera nkhondo luso lawo, pamene kwenikweni ndinkafuna kuti mudzi udziwe kuti ndawerenga buku.

Anabwereradi ku kalasi, benchi lomwelo, anzawo atsopano ocheperanso msinkhu. Anayenda miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina m'mawa, nyengo yopachika fodya, anagwa m'chigafa mwawo, ndipo pamene ngolo inkafika kuti tithamangire nawo kuchipatala n'kuti atapita kale. Abusa anali ku mpingo wina kupitirira mtsinje wa Diamphwe, uthenga unawapeza pafoni bambo atatisiya kale.

Maliro awo anali achete kuposa onse amene ndinaonapo. Amayi a mpingo anabwera, anatunga madzi, analira nafe, koma atavala nsalu wamba, chifukwa lamulo silinkalola zoyera ndi nyimbo kwa munthu wosabatizidwa amenenso ali pa chilango. A kudambwe nawonso sanatulutse chilombo ngakhale chimodzi, poti bambo anawachoka masanasana n'kukapereka zida kwina. Munthu amene anagwirira ntchito mabwalo a dera lonse, n'kudzalowezanso mafunso a kalasi kawiri, anapita kumanda kukumveka mapazi okha. Abusa anafika atavala jekete wamba, anapemphera mwachidule ngati mnansi, maso ali gwaa pansi. Ndinalira kwambiri, ndipo ndinkadziwa kuti chete ameneyu ndinamuitana ndine.

Chikwangwani cha pamanda ndinalemba ndekha pa lata, poti ndiyo ntchito yanga. Nditamaliza dzina panatsala malo pamwamba, ndipo ndinajambulapo mtanda wamba, mizere iwiri yakuda, osafunsa munthu. Adzukulu atamaliza kuumba mtumbira ndinakachizika kumutu. Ndikudzuka ndinaona mkulu wa chigafa uja akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yake, anthu akumupatukira. Ndinakonzeka kukangana naye pamanda pomwepo, ndipo mawu ndinali nditawasanja kale. Anaima, anayang'ana mtandawo nthawi yaitali.

"Chapendama, amisiri," anatero.

Anaika ndodo pansi, anagwada movutikira, anachiwongola ndi manja onse awiri, n'kutsendera dothi m'munsi mwake ndi chibakera mpaka chinalimba.